Lamulo la zaka 18 si la azungu

Nkhani ya ukwati wa mtsikana wamng'ono ikabuka kuno ku Mangochi, sipalephera kupezeka wamkulu wonena kuti zoletsa ukwatiwo ndi za azungu, makolo athu ankakwatitsa mwana akangotha msinkhu. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa ndi bodza, ndipo bodzali likutidyera ana.

Amene anamenya nkhondoyi ndi anthu a kuno kwathu. Memory Banda wa ku Chiradzulu, yemwe mng'ono wake anatenga pathupi ali ndi zaka 11, anayenda ndi atsikana anzake a Girls Empowerment Network kukagogoda kwa mafumu ndi kwa aphungu. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18. Komabe malamulo aakulu a dziko anasiya mpata woti mwana wa zaka 15 akwatiwe makolo akalola. Bungwe la IHRDA la ku Gambia linakasumira boma lathu ku komiti ya African Union yoona za ufulu wa ana, ndipo mu February 2017 aphungu anatseka mpatawo. Ngakhale pangano la Maputo la 2003, lomwe limaletsa kukwatitsa mkazi wosakwana zaka 18, linabadwa chifukwa mabungwe a amayi a mu Africa muno sanawapatse mpumulo atsogoleri awo. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka zedi ndi kubwezera anawo kusukulu. Mzungu ali pati pamenepa?

Koma nanunso a mabungwe ndili nanu mawu. Misonkhano yanu yambiri mumachitira m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi. Mukatuluka pageti n'kufika padoko la Msaka kapena Makawa, mupeza mayi wogula usipa akukakamizidwa kugona ndi msodzi kuti apeze katundu wokagulitsa. Mupeza mtsikana wa Sitandade 7 atalonjezedwa kale kwa mnyamata wa ku Joni chifukwa cha foni ndi ndalama zotumiza kwa makolo. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, Mangochi inali limodzi mwa maboma amene atsikana ambiri anatenga mimba. Lamulo linalipo nthawi imeneyo, koma silinafike pakhomo pawo.

Mphamvu imene munaonetsa ku Maputo ndi ku Lilongwe mubwere nayo kudoko. Lamuloli limveke m'Chiyao, pawailesi ndi m'misikiti. Khalani pansi ndi anamkungwi a kunsondo, mashehe ndi mafumu, osati tsiku limodzi lojambulitsa zithunzi ayi, koma mwezi ndi mwezi. M'makomiti a m'madoko mukhale amayi olankhula, ndipo amayi ogula nsombawo apeze ngongole za mpamba kuti asamadalire chifundo cha mwini ngalawa. Kholo likakwatitsa mwana, nkhaniyo isathere pabwalo la mfumu ndi chindapusa cha mbuzi. Ipite kupolisi, ifike kukhoti la ku Mangochi.