Tisamachite manyazi ndi mapepala oyeserera

Michelangelo asanapente denga la Sistine Chapel ku Vatican, ntchito yomwe anaigwira kuyambira 1508 mpaka 1512, ankayamba wayeserera papepala. Pepala lake lina, lomwe lili ku Metropolitan Museum ku New York, likuonetsa msana wa munthu ndi chala chachikulu cha kuphazi chomwe anachijambula mobwerezabwereza ndi choko chofiira, pofuna kumvetsa mmene chimapindikira.

Kwathu ku Chiringa, ojambula zikwangwani za magolosale amayamba alemba ndi choko asanathire penti. Koma ife a ku yunivesite timafuna asayimenti ituluke yathunthu usiku umodzi, ndipo zoyeserera timazing'amba. Anzanga, luso limakulira m'mapepala ofufutafufuta omwewo. Tiziwasunga.