Malamulo osamalira okalamba akhwima ku England pomwe khomo la antchito akunja latsekedwa

Kuyambira pa 22 Julayi 2025, boma la Britain linaleka kupereka ziphaso zolowera m'dzikolo kwa anthu ochokera kunja omwe akufuna kukayamba ntchito yosamalira okalamba ndi anthu aulumali. Ganizoli linatseka khomo lomwe linakhala lotsegula kwa zaka zitatu ndi miyezi isanu, ndipo pa khomoli ndi pomwe panadutsa anthu miyandamiyanda a ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi Ghana, kuphatikizapo Amalawi ena. Anamwino ndi madokotala sakukhudzidwa ndi chiletsochi.

Nkhaniyi inamveka kwambiri ngati ya zolowa ndi zotuluka, koma gwero lake ndi chisamaliro cha anthu akuluakulu omwe sangathe kudzisamalira okha. Kwa zaka zoposa khumi, boma la dzikolo lakhala likuwonjezera malamulo oteteza anthuwa ku nkhanza. Chomwe chaoneka tsopano n'chakuti malamulowa amadalira wantchito wamba yemwe amasambitsa ndi kudyetsa gogo, ndipo wantchitoyo akakhala pa mantha, malamulo onse aja amangothera pa pepala.

Kuno kwathu, munthu akakalamba amasamalidwa ndi ana ake, adzukulu kapena abale a pamudzi. Ku England zinthu n'zosiyana. Ngakhale mabanja ambiri amasamalabe makolo awo, chisamaliro cholipira ndi ntchito yaikulu yomwe ikugwiridwa ndi anthu oposa 1.5 miliyoni. Ena amagwira m'nyumba zosungiramo okalamba, ena amayendera anthu m'makomo mwawo kukawadzutsa, kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala. Nyumba zambiri zotere si za boma ayi, koma za makampani ndi mabungwe achifundo omwe amalandira ndalama kuchokera ku makhonsolo kapena kwa eni ake osamalidwawo. Chithandizo cha m'zipatala za boma n'chaulere, koma chisamalirochi si chaulere: munthu yemwe ali ndi chuma choposa mapaundi 23,250 amayenera kudzilipirira yekha, ndipo malire amenewa sanasinthe kuchokera m'chaka cha 2010.

Woyang'anira ntchitoyi ndi bungwe la Care Quality Commission, lomwe mwachidule amalitcha CQC. Bungweli linayamba kugwira ntchito mu 2009 ndipo mphamvu zake zimathera mu England momwemo, poti Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi mabungwe awoawo. Palibe kampani yomwe imaloledwa kutsegula nyumba ya okalamba popanda kulembetsa ku CQC. Mkulu woyendetsa nyumbayo naye amayenera kuvomerezedwa ndi bungweli, ndipo munthu akamwalira, akavulala kwambiri kapena pakamveka dandaulo la nkhanza, lamulo limati bungweli lidziwitsidwe mosachedwa. Oyendera a CQC akafika pamalo amapereka chigamulo chonena ngati chisamaliro chili chapamwamba, chabwino, chofunika kukonza kapena chosakwanira.

Malamulo ambiri oteteza anthuwa anabadwa pambuyo pa zochititsa manyazi. Mu 2011, wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa zithunzi zojambulidwa mobisa pa chipatala cha Winterbourne View, kufupi ndi mzinda wa Bristol, pomwe antchito ankamenya ndi kunyoza anthu aulumali wa muubongo. Antchito 11 anapezeka olakwa kukhoti ndipo asanu ndi mmodzi anapita kundende. Chomwe chinapweteka anthu kwambiri n'chakuti namwino wina anali atachenjeza kale akuluakulu a pamalopo komanso bungwe la CQC, koma palibe chinachitika.

Lamulo la Care Act la 2014, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2015, linapereka udindo woonekeratu kwa makhonsolo. Gawo 42 la lamuloli limati khonsolo ikakhala ndi chifukwa choganizira kuti munthu wamkulu wofunika chisamaliro akuchitiridwa nkhanza kapena akunyalanyazidwa, ndipo sangathe kudziteteza, iyenera kufufuza. Nkhanza zomwe zikunenedwazi si kumenya kokha. Kulanda ndalama za gogo, kumusiya ndi njala, kumugoneka pa zofunda zonyowa kapena kumupatsa mankhwala mosayenera, zonsezi zimawerengedwa. Aliyense wofuna ntchitoyi amayambanso wafufuzidwa mbiri yake ndi bungwe la Disclosure and Barring Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012 ndipo limasunga maina a anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi anthu osatha kudziteteza.

Mliri wa Covid-19 unabweretsa malangizo ena ankhaninkhani, ena mwa iwo osinthasintha. Mu Novembala 2021 boma linalamula kuti aliyense wogwira ntchito m'nyumba za okalamba akhale atabayitsa katemera, koma mu Malichi 2022 linachotsa lamulolo, antchito ambiri atasiya kale ntchito. Mwezi wotsatira, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ndondomeko yomwe boma linatsata kumayambiriro kwa mliri potumiza odwala kuchokera m'zipatala kupita m'nyumba za okalamba inali yosemphana ndi malamulo, chifukwa siinaganizire zoti munthu wosaonetsa zizindikiro akhoza kupatsira anzake matendawa. Kutsekeredwa kwa okalamba kwa miyezi yambiri osaonana ndi abale awo kunachititsanso kuti kuyambira mu Epulo 2024, kulola alendo kukhale umodzi mwa miyezo yomwe CQC imayang'ana. Kuchokera mu Julayi 2022, antchito onse amayeneranso kuphunzitsidwa kasamalidwe ka anthu aulumali wa muubongo, kutsatira imfa ya mnyamata Oliver McGowan yemwe anamwalira m'chipatala mu 2016 ali ndi zaka 18.

Pomwe malamulo ankachuluka chonchi, manja ogwira ntchitoyo ankachepa. Dziko la Britain litatuluka m'bungwe la European Union, anthu a maiko a ku Ulaya analeka kubwera mwaufulu kudzagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa 2021, ndipo eni dziko ambiri sankaifuna ntchitoyi kaamba ka kuchepa kwa malipiro ake. Malingana ndi bungwe la Skills for Care, malo opanda anthu anaposa 160,000 m'chaka cha 2021 mpaka 2022. Ichi n'chifukwa chake mu Febuluwale 2022 boma linalola makampani kuyamba kulemba osamalira okalamba kuchokera kunja. Bungwe lomweli linati m'chaka cha 2023 mpaka 2024 chokha, anthu pafupifupi 105,000 ochokera kunja anayamba ntchitoyi, ndipo malo opanda anthu anatsika kufika pa 131,000.

Walira mvula walira matope. Khomolo linatsegulidwa mwachangu, alonda ake ali ochepa. David Neal, yemwe anali mkulu woyendera ntchito za zolowa ndi zotuluka, analemba mu lipoti lomwe linatuluka mu Malichi 2024 kuti zikalata 275 zoitanira antchito zinaperekedwa ku nyumba ya okalamba yomwe kunalibe n'komwe, ndipo zina 1,234 zinapita ku kampani yomwe inati ili ndi antchito anayi okha. Madobadoba anapezerapo mpata wogulitsa zikalatazi pa mitengo ya mapaundi zikwizikwi, chonsecho wofuna ntchito sayenera kulipira kuti alembedwe. Anthu anagulitsa nyumba, minda ndi magalimoto, ena anatenga ngongole za katapila, n'kukapeza kuti ntchito yomwe analonjezedwa palibe, kapena akupatsidwa maola ochepa osakwanira ngakhale kulipira lendi.

Boma la Britain linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda ziphaso zolembera antchito akunja kwa makampani oposa 470 a ntchito ya chisamaliro, ndipo antchito oposa 39,000 anali atadutsapo m'manja mwa makampaniwa. Chilangochi chinali cha mabwana, koma ululu wake unagwera antchito. Chiphaso cha wantchito wotere chimamangiriridwa kwa bwana yemwe anamuitana, kotero kuti bwanayo akalandidwa chilolezo, kapena akamuchotsa ntchito, munthuyo amapatsidwa masiku 60 oti apeze bwana wina wovomerezeka. Akalephera ayenera kutuluka m'dzikomo.

Apa ndi pomwe nkhani ya ziphaso ikukumana ndi nkhani ya chitetezo cha okalamba. Nkhanza za m'nyumba za okalamba sizichitika pamaso pa oyendera. Zimachitika usiku, m'chipinda chotseka, kwa munthu yemwe mwina matenda oiwalaiwala anamulanda kale mawu. Woziona ndi wantchito mnzake wa wochita nkhanzayo. Malamulo amamulimbikitsa kuti akanene kwa mkulu wa pamalopo, ku khonsolo kapena ku CQC, ndipo lamulo la Public Interest Disclosure Act la 1998 limaletsa kuchotsa ntchito munthu chifukwa choti waulula zoipa. Koma mlandu wa kukhoti la za ntchito umatenga miyezi yambiri, pomwe masiku 60 sachedwa kutha. Mayi yemwe ali ndi ngongole kumudzi, ana ali pasukulu ndipo chiphaso chake chili m'manja mwa bwana, amaganiza kawiri asanatsegule pakamwa. Sikuti alibe chifundo ayi. Akudziwa chomwe angataye.

Vutoli likanachepako zikanakhala kuti woyang'anira ali maso. Koma mu Julayi 2024, kafukufuku yemwe anatsogolera Dr Penny Dash anapeza kuti bungwe la CQC lafooka kwambiri. Chiwerengero cha maulendo oyendera chinali chitatsika ndi kuposa theka poyerekeza ndi nthawi yomwe mliri unali usanafike, malo pafupifupi amodzi mwa asanu aliwonse anali asanapatsidwepo chigamulo, ndipo ena anali atakhala zaka pafupifupi khumi osayenderedwanso. Njira yatsopano yoyendera yomwe bungweli linayambitsa chakumapeto kwa 2023 inasokoneza oyendera ndi oyenderedwa omwe, ndipo makina a kompyuta otumizira malipoti ankavuta. Wes Streeting, polankhula ngati nduna ya zaumoyo, ananena poyera kuti bungweli silikukwanitsa ntchito yomwe analikhazikitsira. Sir Julian Hartley anasankhidwa kuti alikonze ndipo anayamba ntchito mu Disembala 2024, koma anatula pansi udindo mu Okutobala 2025 asanathe chaka. Banja lomwe likusankhira kholo lawo nyumba podalira chigamulo cha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo likudalira chithunzi chakale.

Boma linayesa kutseka mipata pang'onopang'ono lisanafike potseka khomo lonse. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, antchito atsopano analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo makampani a ku England okhawo olembetsa ku CQC ndiwo analoledwa kuitana antchito. Mu Epulo 2025 makampani anauzidwa kuti asanaitane munthu kunja ayambe ayesa kulemba omwe ali kale m'dzikomo ndipo ntchito inawathera, komanso malipiro otsikitsitsa a wantchito wa chiphaso anakwezedwa kufika pa mapaundi 25,000 pachaka. Njira zonsezi zinachepetsa obwera, koma palibe ndi imodzi yomwe inamasula chiphaso cha wantchito m'manja mwa bwana, ngakhale bungwe la apantchito la Unison lakhala likupempha kuti chiphasocho chizigwira ntchito pa kampani iliyonse ya chisamaliro.

Eni makampani nawo ali ndi madandaulo omveka. Mu Epulo 2025 msonkho womwe olemba ntchito amalipirira antchito awo unakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti, ndipo malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anakwera kufika pa mapaundi 12.21 pa ola. Makhonsolo ambiri, omwe ndiwo amagula chisamaliro chochuluka, sakwanitsa kukweza zomwe amalipira molingana ndi kukwera kwa zinthuzi. Ndondomeko yoika malire a mapaundi 86,000 pa ndalama zomwe munthu angalipire pa chisamaliro m'moyo wake wonse inathetsedwa mu Julayi 2024 isanayambe n'komwe.

Kwa Amalawi omwe ali kuno kumudzi, tanthauzo la zonsezi n'lachidule. Aliyense yemwe akulonjeza lero kuti apezera munthu chiphaso chokagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain akugulitsa chinthu chomwe kulibe. Ngakhale pomwe khomo linali lotsegula, dziko la Malawi, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, linali pa mndandanda wa 2023 wa bungwe la World Health Organization wa maiko omwe ali ndi antchito azaumoyo ochepa. Malamulo a Britain amaletsa makampani kukopa antchito m'maiko oterewa, kupatula munthu akafunsira ntchito yekha mwachindunji.

Kwa omwe ali kale kumeneko, boma linalola kuti apitirize kuwonjezera masiku a ziphaso zawo ndi kusintha mabwana, ndipo omwe ali ndi ziphaso za mtundu wina akhoza kulowa ntchitoyi kufikira mu Julayi 2028. Komabe mu Novembala 2025 nduna ya za m'dziko, Shabana Mahmood, inapereka maganizo oti antchito a gululi azidikira zaka 15 asanalandire chilolezo chokhazikika m'dzikomo, m'malo mwa zaka zisanu zomwe ambiri ankayembekezera pomwe ankanyamuka kwawo. Zaka zonsezo wantchito angakhale akudalirabe bwana kuti asathamangitsidwe.

Chaka cha 2028 ndi chomwenso boma linaika kuti mgwirizano woyamba wa malipiro oyenera a antchito achisamaliro uyambe kugwira ntchito, pofuna kukopa eni dziko kuti alowe m'malo mwa akunja. Komiti yomwe inakhazikitsidwa mu 2025 motsogozedwa ndi Baroness Louise Casey kuti iunike tsogolo la chisamaliro chonse inapatsidwanso mpaka chaka chomwecho kuti ipereke lipoti lake lomaliza.