Mfuti ndi yeniyeni, koma khutu ndi la ndani?

Pali liwu limodzi lomwe okonda magemu ankhondo apakompyuta amalitchula ngati akutchula vesi: "zenizeni". Mukawafunsa chomwe amagonera mochedwa akusuntha tiasilikali ndi tiakasinja pa sikirini, sanena kuti gemuyo ndi yokoma, monga timanenera za bawo. Amati ndi yeniyeni. Umboni wake? Valani mahedifoni, amatero, mumve nokha mmene kasinja akugundira ndi mmene mzinga ukuphulikira mpaka mtima kuchita kuti phaa. Ine ndavalapo, ndamva, ndipo ndikuti liwu limeneli ndi sikelo yobera. Sabata ino, abale anga a m'gulu lino, ndiloleni ndikangane nalo.

Ntchito ya opanga magemuwa sindikuinyoza ayi. Ena amachita kupita ndi zojambulira mawu kumalo owomberako mfuti kuti akatape kulira kwa zida zenizeni. Tengani Company of Heroes, yomwe kampani ya Relic ya ku Vancouver inatulutsa mu 2006. Mumatsogolera asilikali pa nkhondo ya ku Normandy ya mu 1944, mukuwaona kuchokera m'mwamba. Mfuti ya Ajeremani ya MG42 ikalira mmenemo simumva kuti pha, pha, pha. Mumamva ngati munthu akung'amba nsalu yaitali, chifukwa mfuti imeneyo inkalavula zipolopolo pafupifupi 1,200 pa mphindi, kutanthauza 20 pa sekondi. Apa sananame.

Koma ife a pamsika timadziwa kuti munthu angathe kukuberani osanena bodza ngakhale limodzi. Tomato yemwe ali pamwamba pa mulu ndi tomato weniweni, wofiira, wolimba. Nkhani ili pa yemwe wayalidwa pansi, ndi yemwe wachotsedwa mukuyang'ana kumbali. Mfuti ya mu gemu ndi yeniyeni, inde. Nanga khutu lomwe likuimva ndi la ndani?

Si la msilikali. Aliyense amene anakulira kuno amadziwa kuti mphezi imayamba yang'anima, kugunda kumabwera pambuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho bomba likaphulika pa mtunda wa kilomita imodzi mumaona utsi, nkudikira masekondi atatu musanamve kanthu. Chipolopolo cha mfuti ya msilikali chimathamanga kuposa mawu. Amene akuwomberedwa chapatali amayamba kumva kuthetheka kwa chipolopolo chikudutsa pamutu, kulira kwa mfutiyo kumamupeza pambuyo, ndipo amene chamupeza kawirikawiri samva nkomwe. Magemu ambiri otsogolera asilikali alibe nazo ntchito zimenezi: moto ndi phokoso zimafika limodzi ngati mu filimu ya pa vidiyo shoo. Arma, ya kampani ya Bohemia Interactive ya ku Czech Republic, imayesetsa kuchedwetsa mawu molingana ndi mtunda, ndipo pamenepo ndiwaombera m'manja. Koma kameneka ndi kakang'ono, nkokonzeka. Chachikulu ndi ululu.

Mfuti ya msilikali ikalira pafupi ndi khutu imapitirira madesibelo 150. Madokotala amati phokoso lopitirira 140 lingathe kuwononga khutu pakamodzi. Mahedifoni anu sangafike pamenepo, ndipo akanafika kampani yake ikanatsekedwa. Pitani kuchigayo mukalankhule ndi munthu amene wagwirako ntchito zaka khumi, muone mmene amakuyang'anirani pakamwa; ndiye chigayotu nchofatsa poyerekeza ndi mzinga. Ku America, vuto lomwe asilikali opuma ambiri amalandirira chipukuta misozi kuposa lina lililonse si kuduka mwendo, koma kulira kwa m'makutu, kuja koti m'mutu mumangoti nziii usana ndi usiku. Mu 2023 kampani ya 3M inavomera kulipira madola 6 biliyoni pothetsa milandu ya anthu oposa 200,000, ambiri mwa iwo asilikali, omwe ankati zotsekera m'makutu zake sizinawateteze. Phokoso la nkhondo ndi bala lomwe munthu amapita nalo kwawo. La mu gemu lili ndi batani lotsitsira voliyumu mayi akadzuka. Magemu ena amakugonthetsani masekondi angapo bomba likagwa pafupi, kenaka makutu amatseguka bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndi khutu lanji lochira msanga chonchi?

Mwina wina ati: mayi, mu magemu amenewa munthu sukhala msilikali, umakhala mkulu wolamula. Chabwino, tiyeni kwa mkuluyo. Mu gemu mumauluka pamwamba pa mapu ngati kabawi. Mwasuntha pang'ono muli kumtsinje, mwasunthanso muli kutchalitchi, ndipo kulikonse mukumva zonse bwinobwino. Msilikali wanu akaona mdani amakuuzani nthawi yomweyo, momveka, ndipo salakwitsa. Mkulu wa asilikali weniweni sanakhalepo ndi khutu lotere. Mu September 1862, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, Ulysses Grant anakonza zoti gulu lina la asilikali ake lilowe m'tauni ya Iuka likangomva mizinga ya anzawo kumbali inayo. Nkhondo inamenyedwa madzulo onse pa mtunda wa makilomita ochepa chabe, koma mphepo inatengera phokosolo kwina. Sanamve kanthu, sanasunthe, ndipo adani anathawa usiku. Ngakhale kutabwera mawayilesi, zomwe mkulu amamva ndi mawu oduka-duka a munthu wamantha, amene mwina sakudziwa pomwe waima. Nkhondo yeniyeni ndi yongomvera mphekesera. Gemu imakupatsani khutu lomwe ngakhale mfumukazi ya mizimu ilibe, kenaka nkulemba pachikuto kuti zenizeni.

Tsono tifike pa tomato wochotsedwa uja, chifukwa apa mpomwe mtima wanga umawawa. Mu Company of Heroes mumamenyera Carentan, Cherbourg, Saint-Lô. Nyumba nzokongola, ndipo kasinja akaziwomba njerwa zimagwa ndi phokoso lomveka ndithu. Koma m'nyumbamo mulibe munthu. Palibe mayi akuitana mwana, palibe khanda likulira m'chipinda chapansi, palibe nkhalamba yokana kuchoka. Mwini wake wa nyumba mwamugumulirayo ali kuti? Pa nkhondo ya ku Normandy anthu wamba a ku France pafupifupi 20,000 anafa, ambiri ndi mabomba a omwe anabwera kudzawaombola. Saint-Lô inatsala bwinja pafupifupi tauni yonse. Opanga gemu anavutikira kuti injini ya kasinja wa Sherman isiyane kamvekedwe ndi ya Panther, koma anthu 20,000 sanawapezere ngakhale liwu limodzi. Kumeneko si kuiwala. Ndi kusankha.

Asilikali okha amakuwa ndithu, makamaka akapsa ndi mfuti yolavula moto. Koma kukuwako nkwa masekondi owerengeka, kenaka zii, nyimbo nkupitirira. Ndipo taonani zomwe gemu imachita ndi ovulala: mukamanga malo a achipatala, amawatola, akakwana chiwerengero amakubwezerani gulu latsopano la asilikali kwaulere. Munthu wovulala wasanduka ngati mabotolo obweza ku golosale. Yerekezani ndi zomwe zinachitika kum'mawa kwa Congo mu November 2018, pomwe asilikali athu asanu ndi mmodzi osungitsa mtendere anaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe anavulala. Mnzakeyo anakhala moyo, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linapereka mendulo yaulemu ya Mbaye Diagne kwa malemuyo kudzera kwa banja lake. Ndi mmene wovulala amalemerera pa nkhondo: amakoka wamoyo kumuika pomwe zipolopolo zikugwa. Palibe gemu yomwe ingakupatseni mphoto pa chimenecho, chifukwa m'masamu a gemu mwataya msilikali wabwinobwino pofuna wosweka.

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera m'munsimu. "Aaa, ndi gemu chabe, inunso." Eya, ndi zomwe ndikunena inenso! Ndi gemu chabe. Ndiye nenani choncho nthawi zonse, osati pokhapokha mwapanikizika. Simungagulitse belo ngati nambala wani, kasitomala akapeza zong'ambika nkumuuza kuti nanga mumayembekeza chiyani, si kaunjika uyu. Bawo nayenso ndi masewera odyerana, chesi ili ndi mafumu ndi asilikali, koma palibe amene anadzukapo pa bawo nkunena kuti tsopano ndadziwa nkhondo.

Yankho lina nloti palibe angagule gemu yomwe muli ana akulira. Mwina. Koma ena anayesa, ndipo sanagwe. Close Combat, ya mu 1996, inapatsa msilikali aliyense mantha ake: mukamutuma kukalowa pakamwa pa mfuti amatha kukana, kubisala, ngakhale kuthawa. Mu 2014 kampani ya 11 bit studios ya ku Warsaw inatulutsa This War of Mine, yomwe maganizo ake anachokera pa kuzingidwa kwa mzinda wa Sarajevo kuyambira 1992 mpaka 1996. Mmenemo simulamula asilikali. Mumasamala anthu wamba obisala m'nyumba yogumuka, kusaka chakudya ndi mankhwala usiku, kusankha kuba kapena kugona ndi njala. Mizinga imamvekera chapatali, ndipo simungaiyankhe. Anthu anaigula kwambiri. Choncho msika ulipo; kungoti kugulitsa kulira kwa MG42 nkosavuta kuposa kugulitsa chete wa munthu amene akudikira kuti bomba ligwera pati.

Chete ameneyo anthu amene anaona nkhondo amamudziwa. Anthu a ku London mu 1944 sankaopa kwambiri mkokomo wa bomba louluka la V-1. Ankaopa injini yake ikazima, chifukwa ndiye kuti layamba kugwa. Ku Ukraine ndege zopanda woyendetsa za Shahed amazitcha dzina la kanjinga kamoto chifukwa cha kaliridwe kake, ndiye taganizani kukhala m'dziko lomwe phokoso longa la kabaza usiku limakuthamangitsirani kukabisala. Ndipo ife sitikusowa kupita kutali. Nkhondo ya ku Mozambique itafika pachimake, dziko lino linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza kuli akuluakulu amene anagonapo akumvetsera tsidya lina la malire. Ena ndi makolo a anthu a m'gulu lomwe lino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: kawavekeni mahedifoni amenewo, muwauze kuti izi ndi zenizeni, muone ngati mungamalize chiganizocho.

Chomwe magemuwa amatsanzira si nkhondo, ndi makanema a nkhondo. Battlefield: Bad Company 2, ya mu 2010, ngakhale ili yowomberana osati yolamula, inaulula chinsinsi: ili ndi kasankhidwe ka mawu kotchedwa War Tapes, komwe kamapangitsa phokoso kumveka lophwanyika ngati lojambulidwa ndi kamera yam'manja kunkhondo. Ndiye kuti muyezo wa "zenizeni" ndi kufanana ndi vidiyo yomwe munaonera mutakhala pampando. Ndipo zafanana mpaka zasokonezeka. Mu 2011 wayilesi ya kanema ya ITV ya ku Britain inaulutsa zithunzi za mu Arma 2 ngati kanema weniweni wa gulu la IRA likuwombera helikopita, ndipo inapepesa. Mu 2017 unduna wa zachitetezo wa ku Russia unaika pa intaneti chithunzi chochokera mu gemu ya pafoni ngati umboni wa zochitika ku Syria. Nkhondo ya ku Ukraine itakula mu 2022, mavidiyo a Arma 3 anazungulira ngati nkhani zoona mpaka kampani ya Bohemia inachita kulemba malangizo a mmene mungawazindikirire. Ngati atolankhani a ku London anapusitsika, nanga ife ongotumizirana zinthu pa WhatsApp ndi bando ya tsiku limodzi?

Ndipo msewu umenewu umayenda mbali ziwiri. Gemu ikamveka ngati nkhondo, nkhondo nayo imayamba kumveka ngati gemu. Ndamvapo anyamata pamsika ataunjikirana pa foni imodzi kuonera kanema weniweni wa kasinja akuphulitsidwa, akukambirana mtundu wa chida ngati akukambirana chigoli. Mkati mwa kasinjayo munali anthu atatu kapena anayi. Makutu awo anaphunzitsidwa kale kuti phokoso lotere likamveka ndiye kuti wina wapeza mapointi. Sindikunena kuti gemu imasandutsa mwana chigawenga, zimenezo ndi zonena za anthu aulesi. Ndikunena kuti imaphunzitsa khutu chomwe liyenera kumvetsera ndi chomwe lingalumphe, ndipo awa ndi omwe mawa adzafunsidwe maganizo ana athu akamatumizidwa ku Congo.

A Bohemia aja, kunena chilungamo, anayesako kubweza tomato pamulu. Mu 2017, mogwirizana ndi bungwe la International Committee of the Red Cross, anatulutsa gawo lowonjezera la Arma 3 lotchedwa Laws of War. Mmenemo mumayenda ndi katswiri wochotsa mabomba otsalira m'tauni nkhondo itatha, nkumaona zomwe zinagwera anthu ake, ndipo theka la phindu la chaka chimenecho linapita ku bungwelo. Nzabwino ndithu. Koma gemuyo inatuluka mu 2013 mfuti zikulira kale mokwana. Nkhani ya munthu wamba woponda bomba pakhomo pake inabwera patatha zaka zinayi, padera, ndipo kuti muimve yonse mumayenera kulipiranso. Pamsika pathu chowonjezera timachitcha basela, koma basela sitilipiritsa.