Kompyuta ya mu 1982 ili ndi phunziro kwa amene adzakonze makina a m'zipatala zathu

Mukapita kuchipatala masiku ano, manambala ambiri onena za thupi lanu amachokera m'makina. Kachipangizo kopanira chala kamanena kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni m'magazi. Kena kamayeza shuga, kena kuthamanga kwa magazi. M'kati mwa zipangizo zimenezi mumakhala kakompyuta kochepa ngati chikhadabo, ndipo pali munthu amene anakalembera malangizo. Malangizo a tizipangizo totere nthawi zambiri amalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs, m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

N'chifukwa chake lero tikufuna muganizire nafe za anthu, makamaka a ku Ulaya ndi ku America, amene mpaka pano amalemba mapulogalamu a C oti agwire ntchito pa makompyuta a m'nyumba a zaka za m'ma 1980. Mungaone ngati n'kutaya nthawi kwa anthu osowa zochita. Ife tikuti ophunzira athu a za makina a m'chipatala ayeseko ntchito imeneyi, ngakhale kwa milungu yochepa chabe, ndipo tikuuzani chifukwa chake.

Tengani Commodore 64, imene inatuluka mu 1982 ndipo inagulidwa m'mamiliyoni. Munthu ankailumikiza ku TV ya m'nyumba. Ubongo wake, processor ya MOS 6510 ya m'banja la 6502, umagunda pafupifupi ka 1 miliyoni pa sekondi, pamene wa foni ili m'thumba mwanuyo umagunda kopitirira ka 1 biliyoni. Malo ake osungira zimene ikugwirapo ntchito ndi ma byte 65,536 okha. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yanu sichingakwanemo. Pa sikirini pamakwana mizere 25 ya zilembo 40.

Processor simva chiyankhulo cha C. Imamva manambala okha, ndipo banja lililonse la ma processor lili ndi manambala akeake. Pakati pamafunika womasulira, pulogalamu yotchedwa compiler, imene imatenga zomwe munthu walemba n'kuzisandutsa manambala amene makinawo angatsate. Kwa Commodore 64, womasulira wodziwika kwambiri ndi cc65, ndipo ndi waulere. Munthu amalemba pulogalamu pa laputopu yamakono, n'kuuza cc65 kuti amasulirire Commodore 64. Pamatuluka fayilo yothera ndi zilembo za PRG. Ngati alibe makina enieniwo, amaiyesa mu VICE, pulogalamu ina yaulere imene imachititsa laputopu kukhala ngati Commodore 64. Njira yomasulira pa kompyuta yaikulu zinthu zokagwira ntchito pa kompyuta yaing'ono ndi yomweyo imene amatsata opanga zipangizo zing'onozing'ono za m'chipatala.

Phunziro limayambira pa zimene makina akalewa sangathe. Processor ya 6502 ilibe lamulo lochulukitsira manambala, ndiye womasulira amachita kulumikiza masitepe ambiri ophatikiza ndi kusuntha manambala, ndipo pulogalamu imachedwa. Womasulira wa cc65 salandira manambala okhala ndi dontho, monga 7.5. Ndipo nambala iliyonse imaikidwa m'chotengera chokhala ndi malire. Byte imodzi imasunga kuyambira 0 mpaka 255 basi. Ma byte awiri amafika pa 65,535 ngati simukufuna manambala otsika kuposa 0, koma ngati mukuwafuna amalekeza pa 32,767.

Nanga nambala ikaposa chotengera chake chimachitika n'chiyani? Chidebe chikadzaza madzi amasefukira, aliyense n'kuona. Kompyuta sichita choncho. Imayambiranso pa 0 mwakachetechete, monga wotchi imayambiranso pa 1 ikadutsa 12, ndipo palibe belu lililonse limene limalira.

Tiyeni tiike zimenezi m'chipinda cha odwala. Mwana wolemera makilogalamu 18 akufunika paracetamol pa mulingo wa mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse. Yankho ndi mamiligalamu 270. Wolemba pulogalamu akasunga yankholi mu byte imodzi, makina adzaonetsa 14, chifukwa 270 kuchotsapo 256 ndi 14. Chitsanzo china: popeza manambala a dontho saloledwa, wolemba angaganize zosunga kulemera kwa wodwala m'magalamu. Kwa khanda la magalamu 3,200 zonse ziyenda bwino. Koma bambo wa makilogalamu 70 ndi magalamu 70,000, ndipo m'ma byte awiri nambalayi isanduka 4,464. Munthu wamkulu wasanduka khanda, ndipo mankhwala onse owerengeredwa pa kulemera kumeneko alakwika. Mankhwala a vutoli ndi osavuta: kusankha chotengera chachikulu, kapena kusunga kulemerako m'magawo a magalamu 100, komanso kuuza pulogalamu kuti ikane yankho lililonse losamveka. Koma munthu amakumbukira kuchita zimenezi pokhapokha ngati anaonapo ndi maso ake nambala ikutembenuka.

Musaganize kuti izi ndi nthano za m'kalasi. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina owotchera khansa otchedwa Therac-25 anapereka mphamvu yopitirira muyeso kwambiri kwa odwala osachepera 6 ku America ndi ku Canada, ndipo ena mwa iwo anamwalira. Zolakwika zinali zingapo, koma chimodzi chinali chimene tangofotokozachi. Pulogalamu inali ndi nambala ya byte imodzi yosonyeza ngati makina ayenera kuona kaye kuti mbali zake zili m'malo oyenera. Nambalayo inkawonjezeredwa 1 nthawi iliyonse pulogalamu ikadutsa pamenepo, ndipo pa ulendo wa 256 uliwonse inkabwerera pa 0. Kwa makinawo, 0 ankatanthauza kuti zonse zili bwino, palibe choyang'ana. Wogwiritsa ntchito akadina batani pa kamphindi komweko, chitetezo chinkadumphidwa. Izi n'zimene zinachitikira wodwala wina ku Yakima, m'chigawo cha Washington, mu 1987. Pulogalamu ya Therac-25 sinalembedwe mu C, koma malire a byte ndi omwewo m'chiyankhulo chilichonse.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangophunzira pa makina amakono? Funsoli n'lomveka, ndipo sitikunena kuti chipatala chilichonse chigule Commodore 64. Vuto n'lakuti laputopu yamakono imabisa zolakwa. Malo ndi ambiri, liwiro ndi lalikulu, zotengera manambala zimafika m'mabiliyoni, ndiye pulogalamu yolembedwa mosasamala imayendabe. Wophunzira amamaliza sukulu asanagundepo khoma. Kenako akakumana ndi kakompyuta ka m'chipangizo chenicheni, amapeza kuti dziko lake ndi lothina ngati la mu 1982. Kabolodi ka Arduino Uno, kamene ophunzira ambiri amayambira popanga zipangizo zawo, kali ndi ma byte 2,048 okha osungira zimene kakugwirapo ntchito, ochepa ka 32 poyerekeza ndi Commodore 64, ndipo nambala yake wamba ya mu C imalekezanso pa 32,767.

Ubwino wa Commodore 64 pophunzitsira ndi wakuti munthu mmodzi angathe kuimvetsa yonse. Malo aliwonse m'kati mwake ali ndi adiresi yodziwika. Mukalemba nambala pa adiresi 53280, mtundu wa m'mphepete mwa sikirini umasintha pomwepo. Mukalemba pa adiresi 1024, chilembo chimaoneka pakona yakumanzere chakumtunda. Mukalemba pamalo olakwika, makina amazizira, koma palibe amene wavulala. Mumangoyambitsanso. Kulakwitsa kumene m'chipatala kungatengere munthu kumanda, apa kumangotengera wophunzira mphindi zochepa.

Kwathu kuno nkhani ya kumvetsa makina mpaka m'kati si yachilendo. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake amene anakhazikitsa Baobab Health anayamba kulembera odwala pa kompyuta ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe pogwiritsa ntchito timakina ta I-Opener, timene ku America tinali titasiya kugulitsidwa. Anatikonzanso kuti munthu azingogwira pa sikirini ndi chala. Zimenezi zinatheka chifukwa panali anthu odziwa zimene makina ochepa mphamvu angathe ndi zimene sangathe. Lero masukulu a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre akuphunzitsa achinyamata za uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala. Aphunzitsi awo sakufunika ndalama kuti ayese zimene tikunenazi, chifukwa cc65 ndi VICE ndi zaulere ndipo zimayenda ngakhale pa laputopu yakale.

Inu amene simudzalembapo pulogalamu, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Ngati ndinu namwino kapena dotolo, nambala ya pa sikirini musaitenge ngati singalakwe. Ikatsutsana ndi wodwala amene ali pamaso panu, yezaninso, werengerani pa pepala, ndipo lembani lipoti la chipangizocho kuti amisiri achione. Ngati ndinu kholo ndipo mwauzidwa kulemera kwa mwana kapena mulingo wa mankhwala wosiyana kwambiri ndi wa ulendo wathawu, funsani mwaulemu kuti ayang'anenso. Wachipatala wabwino sakwiya ndi funso lotere, chifukwa akudziwa kuti mankhwala akalowa m'thupi satulukanso.