Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zam'dziko: wothawa kwawo amvedwe asanabwezedwe

Olemekezeka a Nduna,

Kalata iyi ikuchokera ku Tembwe, dera la Asenga m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama lomwe lachita malire ndi Malawi, ndipo ikunena za munthu wolowa m'dziko popanda chiphaso chifukwa chothawa nkhondo kapena chizunzo. Pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, lomwe Zambia idalivomereza mu 1969, limaletsa m'ndime 33 kubweza munthu kumene moyo kapena ufulu wake uli pachiswe, pamene ndime 31 imakana kumulanga chifukwa cholowa mozemba, malinga wadzionetsa msanga kwa aboma. Lamulo la Zambia la othawa kwawo la 2017 limamupatsa masiku 7 oti apemphe chitetezo kwa Komishonala woona za othawa kwawo kapena kwa ofisala wovomerezeka, koma masiku amenewa ndi ochepa kwa mlendo wosadziwa chilankhulo amene wafika kudera kumene misewu imaduka m'dzinja.

Chigawo chathu cha Kum'mawa chikudziwa zotsatira za kulandira ndi za kubweza. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi, omwe ankazunzidwa ku Malawi chifukwa chokana kugula makhadi a chipani cha Kamuzu Banda, adasonkhana pamsasa wa Sinda Misale, koma chaka chisanathe adabwezedwa kwawo nkhanza zisanaleke, kotero kuti ambiri adathawanso, ulendo uno kulowera ku Mozambique. Ku Ukwimi, m'dera la Petauke, zidayenda mosiyana, popeza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique adapatsidwa minda kuyambira 1987, nadzidyetsa okha mpaka adabwerera mtendere wa 1992 utakhazikika. Ya Sinda Misale ndi mbiri yochititsa manyazi, yosayenera kubwerezedwa.

Masiku ano ambiri odutsa m'njira zakutchire za kuno ndi ochokera kumayiko monga Ethiopia. Mu Okutobala 2022 mitembo ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia idafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba m'dziko la Malawi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ina 27 idapezeka ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka. N'zoona kuti si onse oyenda chotere amene akuthawa chizunzo, pakuti ena akungofuna ntchito ku South Africa, koma palibe angasiyanitse awiriwa popanda kuwafunsa, ndipo munthu amene akuopa kutsekeredwa amasankha kubisala m'manja mwa ozembetsa anthu.

Pachifukwa ichi a Nduna akupemphedwa kuti aonetsetse kuti ku Chama kuli ofisala wolandira mapempho amenewa pamodzi ndi womasulira, kuti apolisi asatengere munthu kukhoti asanamufunse chimene wathawa, ndiponso kuti Mfumu Tembwe ndi anyakwawa, omwe amayamba kudziwa za mlendo aliyense wofika m'mudzi, aphunzitsidwe lamuloli ndi kuuzidwa kumene angamuperekeze.

Mwaulemu,
Mmodzi wa anthu a ku Tembwe