ZA MAGALIMOTO: Kodi vaneti yakaleyi inacokera kuti?

Nyengo ya kugulitsa dzinthu ikatha, alimi ambiri a ku Petauke, Katete ndi Chipata amatsata mseu wa Great East kudza ku Lusaka ndi ndalama m'thumba. Ena mwa iwo afuna vaneti ya zitseko zinai, ija inyamula banja kutsogolo ndi matumba a feteleza kumbuyo. Popeza zatsopano n'zokwera mtengo, maso ao amagwera pa zakale zimene zaima pa mabwalo a nyumba ku Chelstone, Kabwata, Woodlands ndi Kabulonga.

Wogulitsa sasowa mau. Wina ati galimoto yake ndi ya ku Japan yeniyeni, wina ati inacokera ku Mangalande. Koma dzina lonyezimira la pa boneti munthu aliyense angathe kulicotsa ndi kuikapo lina. Umboni uli pa kacitsulo kolembedwa kamene akhoma mkati mwa boneti kapena pa mphuthu ya citseko, ndiponso pa nambala yodindidwa pa chasisi, citsulo cacikulu cija conyamula thupi lonse la galimoto.

Kuyambira ca m'ma 1981 makampani ambiri apatsa galimoto iliyonse nambala ya zilembo ndi ziwerengero 17, ndipo zoyamba zinena dziko ndi kampani. SAL ndi Land Rover ya ku Britain. JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota yomangidwa ku Durban m'dziko la South Africa, pamene MR0 ndi ya ku Thailand. Zilembo I, O ndi Q sizilowa m'nambala yotere. Zikapezekamo, pali dzanja la munthu linapitapo. Magalimoto amene anapangidwira anthu a ku Japan komweko, nadzafika kuno atagwira kale nchito, ali ndi nambala yaifupi yoyamba ndi mtundu wake, monga LN106 pa Hilux ya dizilo. Mwini sitolo ya zitsulo ku Freedom Way adzafunsa nambala yomweyi, pakuti maHilux awiri ofanana nkhope angathe kusiyana mkati, ndipo mlimi wogula citsulo cosayenera adzazindikira atafika kale kumudzi.

Funso lalikulu pa vaneti yotere ndi ili: kodi mpando wakumbuyo ndi zitseko zake zinacoka nazo ku fakitale, kapena wowocherera zitsulo anazilumikiza pambuyo pake? Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, koma ya zitseko zinai inatuluka patapita zaka zoposa khumi. Cotero munthu wonena kuti yake ya 1972 inabadwa ndi zitseko zinai anena zosatheka. Thupi lodulidwa ndi kulumikizidwa ndi mmisiri wosadziwa bwino limang'ambika pa msoko pomwepo, makamaka pa miseu ya mabampu ndi katundu wolemera, ana ali pa mpando wakumbuyo.

Komabe si msoko uliwonse uli wacinyengo. Land Rover 127, imene inatuluka mu 1983, eni ake ku Solihull anali kuipanga podula chasisi ya mtundu wa 110 ndi kuitalikitsa kufikira mainchesi 127 pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Mu 1990 anaicha Defender 130, napanganso chasisi yakeyake yosadula. Tsono msoko pa 127 ungakhale wa ku fakitale ndithu, ndipo makanika wodziwa nchito auzindikira ndi kuongoka kwake. Akuluakulu akumbukiranso kuti maLand Rover ena akale anali kudza m'mabokosi kucokera ku Britain, namangidwa ku Ndola ndi kampani ya Rover Zambia. Otere ndi a maiko awiri.

Wogula wanzeru anyamule nsanza, burashi ya waya ndi tochi, agwade pansi, apukute dothi pa chasisi kufikira nambala ioneke. Nambalayo ifanane ndi ya pa kacitsulo, ifananenso ndi yolembedwa mu White Book ya bungwe la RTSA, cilembo ndi cilembo. Ngati pamalopo paoneka popalidwa, kapena popakidwa utoto watsopano pamene pena ponse pali dzimbiri, ndalama zikhale m'thumba kufikira apolisi aione. Galimoto yopezeka kuti ndi yakuba amailanda kwa iye amene ali nayo, ngakhale anaigula ndi mtima woyera ndi ndalama za cimanga ca caka conse.