Kalata ya kwa Kanduku: Za Mau Akulu ndi Mau Ang'ono

Abale anga okondedwa mwa Ambuye,

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani tsoka laling'ono limene tidaliona ife a kwaya ya kuno kwa Kanduku, kuti inu a m'matchalitchi ena mungagwe m'mbuna yomweyo.

Chaka chatha, nyengo ya manachesi itatha, akristu athu adasonkha ndalama kuti oimba akajambulitse nyimbo za Misa ku Blantyre. Amai ena adagulitsa nkhuku, abambo ena adapatula pa ndalama za zipatso zao. Tsono dziwani kuti ku nyumba yojambulira nyimbo amawerenga maora, ndipo ora likapita lapita ndi ndalama zake.

Mnyamata wojambulayo adatilandira mwaulemu. Titayamba nyimbo yoyamba adatiimika, nanena kuti: "Amai, takwezani pang'ono." Amai adaimba molimbika. Iye adapukusa mutu, natinso: "Kwezanibe." Pamenepo amai adafuula mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Patapita nthawi tidazindikira kuti iye sadafune phokoso ai. Adamva kuti mau ao adagwa pansi pa mau a limba, nafuna kuti achepe pang'ono ndi kulingana nalo. Pambuyo pake adauza abambo kuti atsitse. Wotsogolera wathu, poyesa kuti wachenjera tsopano, adawalamula kuimba mau akulu koposa; chikhalirecho mnyamatayo adangofuna kuti aleke kuphimba anzao. Motero ora lathunthu lidatha, tilibe nyimbo ndi imodzi yomwe.

Pobwerera ndidasinkhasinkha kuti wolakwa ndani, ndipo sindidampeze. Tonse tidalankhula Chichewa, koma m'mau amodzi mudali matanthauzo awiri. Pakuti ife tikauza mwana kuti akweze mau, tifuna kuti amveke kutali. Za mamvekedwe makolo athu adanena mwina: mau a mwana ndi a mbalame adawatcha ang'ono, mau a nkhalamba ndi a ng'oma ya mpanje adawatcha akulu. Woimba ng'oma akaiwamba pamoto amati akuikunga, ndipo akamatapo phula adziwa kuti ilira mokulira. Kunena kuti mau ali pamwamba kapena pansi kudadza ndi Azungu, amene amalemba nyimbo pa mizere isanu, ndipo maso ao amaona chizindikiro chikukwera ndi kutsika papepala.

Azungu ena anzeru adachiona chimenechi. Hugh Tracey, amene adayenda m'dziko muno ndi makina ake ojambulira mu 1950 ndi mu 1958, adalemba kuti mitundu yambiri ya mu Africa imayesa mau ndi ukulu ndi uchepa. Gerhard Kubik wa ku Austria, kuyambira mu 1967, adakhala ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, naphunzira kaimbidwe kao pofunsa maina amene eni ake amagwiritsa ntchito. Ngati alendo otere adadzichepetsa nafunsa, nanga ife ana a dziko limodzi tichitirenji manyazi kufunsana?

Musayese kuti vutoli nlatsopano. Zaka chikwi zapitazo, ku Italy, kudali mmonke dzina lake Guido wa ku Arezzo. Iye adaona kuti anyamata a m'nyumba za amonke amataya zaka zambiri poloweza nyimbo za Eklezia, chifukwa mphunzitsi adalibe dzina lotchulira liu lililonse. Tsono adatenga maphatikizo oyamba a mizere ya nyimbo ya Yohane Mbatizi Woyera, nawasandutsa maina a mau. Papa Yohane XIX atamva mbiri yake adamuitana ku Roma. Patapita zaka mazana asanu ndi atatu, mbusa wina wa ku England, John Curwen, adakonza njirayo potsata ntchito ya mai Sarah Glover, ndipo ndiyo do, re, mi imene amishoni adadza nayo kuno. Onani kuti chimene Guido adapatsa Eklezia ndi maina ogwirizana, kuti wophunzitsa ndi wophunzira aloze chinthu chimodzi.

Koma pali china chimene do, re, mi sangakuuzeni, ndipo tidachionanso tsiku lomwelo. Tili ndi nyimbo ya Lachisanu Loyera yonena za mtengo umene Ambuye Yezu adapachikidwapo. Wojambula adafuna kusintha maimbidwe a mzere umenewo kuti ukome pamodzi ndi limba. Agogo ena, amene aimba m'kwaya yathu kuyambira utsikana wao, adakana, nati: "Mwana wanga, ukatero ukhala mtengo wa pamsika." Adanena zoona. M'chinenero chathu mtengo wa m'thengo ndi mtengo wogulira katundu alembedwa chimodzimodzi. Chowalekanitsa ndi katchulidwe. Nyimbo ikapotoza katchulidweko, yapotozanso chiphunzitso. Mnyamatayo adakhala chete, naimba yekha mzerewo kawiri, naseka, navomera. Kuyambira pamenepo adaleka kutilamula ndi mau a m'buku. Akafuna kanthu amayamba waimba ndi pakamwa pake, ife nkutsatira. Ntchito idayenda, ngakhale tidabwerera ndi nyimbo zisanu m'malo mwa zisanu ndi zitatu zimene tidakonzeka.

Pamene Abambo a ku Montfort adafika ku Nzama mu 1901, Misa idali ya m'Chilatini. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha pa 4 December 1963, udatsekulira khomo zinenero ndi maimbidwe a mitundu ya anthu. Chipatso chimodzi tidachiona ku Balaka, kumene gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. Paul Banda, amene adakulira m'gulu limenelo, adadzakhala wojambula nyimbo za anzake, ndipo ndiyesa kuti oimba ambiri adathamangira kwa iye chifukwa adadziwa zinenero zonse ziwiri, cha makina ndi cha pabwalo.

Tsono inu atsogoleri a makwaya, mverani malangizo a munthu amene adapsa chala. Musanapite kukajambula, gwirizanani kwanu komwe kuti mukati kukweza mukunena chiani, ndipo mukati mau ang'ono mukunena chiani. Mukafika, ora lisanayambe kuwerengedwa, khalani pansi ndi wojambulayo, mumuuze maina anu, iyenso akuuzeni ake. Akanena liu lachilendo mpempheni aliimbe kuti mulimve ndi khutu. Paja safunsa adadya phula. Ndipo inu anyamata ophunzira amene muli ndi makina m'manja, kumbukirani kuti amai oima patsogolo panuwo adagulitsa nkhuku kuti afike kumeneko. Alezereni mtima, muwamverenso, pakuti ali ndi nzeru zimene sizilembedwa pa mizere isanu.

Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, amene tsiku lake ndi 22 November, atipempherere kuti timvane ife tokha, tisanapemphe Mulungu kuti atimvere.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa kwa Kanduku